Mita ya kamera imafuna chilichonse chikhale chotuwa

Chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu chiyambireni kugwira kamera chamveka tsopano, ndipo mtima wanga wakhala pansi moti ndaona kuti ndichilembe ndisanayambe kuchiona ngati chinthu wamba. Sindibwereza za aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala), shata (nthawi imene kuwala kumalowa) ndi ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala), chifukwa aliyense amene akuwerenga izi anadutsamo kale, ndipo ine ndinkazidziwa pamtima koma zithunzi zanga zinkatulukabe zakuda kwambiri kapena zoyera mopitirira. Chimene chinkasowa ndi ichi: mita yoyezera kuwala imene ili mu kamera sidziwa chimene ikuyang'ana. Kaya mwailozetsa pa nsalu yoyera kapena pa khala, iyo imaganiza kuti chinthucho n'chotuwa ngati phulusa, cha mtundu umene umabweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala kumene kwagwerapo, ndipo imasankha manambala oti chituluke chotuwa choncho.

Zinandionekera bwino mu Meyi, pamene ine ndi achemwali anga tinkayenda m'nkhalango ya mitengo ya tsanya kufupi ndi Bangula, mbali yopita ku Mwabvi. Amene anakulira kuno ku chigwa cha Shire amaudziwa mtengo umenewu, wa masamba awiriawiri ophatikizana, amene dzuwa likakula amapindana n'kulozetsa m'mphepete mwake kumwamba kuti asataye madzi. Mthunzi wake umakhala wamawangamawanga, ndipo munthu woima pansi pake amakhala ndi dzuwa pamphumi ndi mdima pachibwano nthawi imodzi. Ndikawajambula achemwali kumwamba kukuoneka kwambiri kumbuyo kwawo, nkhope inkatuluka bii, maso okha akuoneka. Ndikawaimika patsogolo pa chitsamba chakuda, bulauzi yawo yoyera inkatuluka mbee, yopanda ngakhale mzere wa ulusi. Iwo anayang'ana kumbuyo kwa kamera n'kufunsa kuti, “Kodi iwe, kamera yakoyi ili ndi chidani ndi nkhope yanga?” Ine ndinati, “Ayi achemwali, taimani pomwepo pang'ono,” chifukwa pafupi pathu panali chitsa chimene anthu otcha makala anachisiya chitapserera.

Ndinadzaza chithunzi chonse ndi chitsa chakudacho, kenako ndinadzaza china ndi nsalu ya bulauzi yokha, zonse zili padzuwa limodzi ndiponso pa aperture imodzi. Pa chitsa kamera inasankha shata ya 1/125 ya sekondi, pa bulauzi inasankha 1/2000, ndipo zithunzi ziwirizo zinatuluka zofanana kutuwa kwake, moti munthu sakanadziwa kuti china chinali khala, china nsalu yochapidwa bwino. Dzuwa silinasinthe, koma kamera inasintha kuchuluka kwa kuwala ndi ma stop anayi (stop imodzi ndi kuchulukitsa kuwala kawiri kapena kukuchepetsa ndi theka), ndiko kuti kusiyana kwa ka 16, pofuna kukokera zonse pakati. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake kumwamba kowala kunkadetsa nkhope ya achemwali: mita inkaona kuwala kochuluka, n'kutseka kuti kumwambako kutuwe, ndipo nkhope, imene inali kale mumthunzi, inkatsikira mumdima. Kamera sinkalakwitsa kanthu, koma inkayankha funso limene ine sindinafunse.

Ganizo limeneli si latsopano. Ojambula zithunzi awiri, Ansel Adams ndi Fred Archer, analikonza cha m'ma 1940 ku America pogawa kuwala m'magawo kuyambira chakuda chenicheni mpaka choyera chenicheni, kutuwa kwapakati kukhala gawo lachisanu, ndipo phunziro lake lonse ndi lakuti wojambula asankhe yekha chinthu chimodzi n'kunena kuti chituluke chowala motani. Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi ili ndi kulemera kwake, pakuti kwa zaka zambiri kuchokera m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lofanizira mitundu lokhala ndi mayi wachizungu. Mita ya lero ilibe mbali pa nkhani imeneyo, koma mukaidzaza ndi nkhope yakuda imaiwalitsa mpaka kuoneka ngati yapakidwa ufa, ndipo mukaisiya kuti iyeze zonse imaimiza. Njira zonse ziwiri zimamunamizira munthuyo.

Njira imene ndaikonda, mwina mopitirira, ndi yoyeza pachikhatho. Ndimaika dzanja langa m'kuwala komweko kumene kukugwa pankhope ya munthu, ndimalozetsa mita pachikhatho chokha, kenako ndimatsegula stop imodzi kuposa mmene yanenera, chifukwa chikhatho chimawala pafupifupi kawiri kuposa kutuwa kwapakati. Ndikatero ndimasiya manambalawo pa M, pamene kamera siisintha manambala yokha, ndipo malinga ngati kuwala sikunasinthe, chakuda chimatuluka chakuda ndipo choyera chimatuluka choyera, kaya kumwamba kwalowa m'chithunzi kapena ayi. Khadi lotuwa limene ojambula amayezerapo kuwala limagulidwa, limada ndi thukuta ndipo limaiwalika kunyumba, pamene dzanja limayenda nane kulikonse. Kwa ine njira imeneyi ikuposa zonse zimene opanga kamera anaika m'menemo, ndipo ndikanakhala mphunzitsi ndikanayamba nayo tsiku loyamba, ophunzira asanakhudze batani lina lililonse.

Chikhatho chokha sichinathetse vuto la mawanga a pansi pa tsanya, chifukwa pamenepo pali kuwala kwa mitundu iwiri pankhope imodzi. Lamulo lakale limati pa ISO 100 ndi shata ya 1/100, dzuwa la poyera limafuna aperture ya f/16, pamene mthunzi wandiweyani umafuna pafupifupi f/4, ndipo pakati pa ziwirizi palinso ma stop anayi. Diso limatha kuona zonse chifukwa limazolowera kuwala kwa pamalo alionse likamayendayenda, koma chithunzi chimatenga muyezo umodzi. Tinachoka pa tsanya n'kupita pansi pa mtengo wa bwemba, umene mthunzi wake ndi wodzaza, ndipo ndinawapempha achemwali kuti aime m'mphepete mwa mthunziwo atayang'ana kunja, kumene mchenga woyera unkabweza kuwala. Chithunzi chimenecho chinaonetsa zonse, timikanda ta thukuta pamphuno, kachipsera kakang'ono pachikope kamene anavulala tili ana, ndi maluwa osokedwa pakolala ya bulauzi. Anachitumiza pa WhatsApp kwa azakhali athu ku Ngabu tisanafike n'kunyumba komwe.

Chimandiwawa n'chakuti ndinalipira maphunziro aafupi a kujambula m'tauni, ndipo aphunzitsi athu anathera masabata pojambula makona atatu a exposure, kutanthauza aperture, shata ndi ISO, pabolodi, ife tikukopera m'makope, kamera imodzi ikuyenda m'manja mwa kalasi yonse. Kuyeza chinthu chakuda ndi choyera sikutenga mphindi zisanu, koma palibe anatitulutsa panja kuti tikaone. Mavidiyo a pa YouTube amadya bandulo, ndipo ambiri anajambulidwa m'maiko a mitambo kumene kuwala n'kofewa pafupifupi tsiku lonse, choncho malangizo awo amafika ku Nsanje atafooka kale. Onse amati muzijambula dzuwa likamalowa, koma kuno mu Meyi limalowa isanakwane 6 koloko, mdima umagwa msanga, ndipo munthu amene ali m'tchire amafunika kuganiza za ulendo wa kabaza. Ntchito imandisiyira Loweruka lokha, ndipo magetsi akazima usiku wa Lachisanu batire limakhala lopanda moto.

Chimene sindinachipezere yankho ndi nyama. Ndikufuna kukajambula nyala ku Lengwe, paki imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo imadziwika ndi nyama imeneyi, koma kumeneko munthu amakhala m'kanyumba kobisalamo pafupi ndi dziwe, iye ali mumdima, nyama ili kutali, ikutuluka m'zitsamba zowirira kulowa padzuwa n'kubwereranso. Sindingatambasulire dzanja m'kuwala kwake, ndipo yamphongo ndi yakuda pamene yaikazi ndi yofiirira, zonse zili ndi mizere yoyera. Mwina ndiyeze pa udzu wobiriwira wa m'mphepete mwa madzi, umene amati umayandikira kutuwa kwapakati, kapena ndidalire histogram, tchati cha pa kamera choonetsa kuchuluka kwa zakuda ndi zowala m'chithunzi, imene mpaka pano ndimaiwerenga mochedwa kwambiri moti nyama ingathe kumwa madzi n'kuchoka. Achemwali akuti tipite mu Okutobala, pamene madzi achepa ndipo nyama zimasonkhana padziwe, koma nthawi imeneyo udzu udzakhala utauma, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayeza pa chiyani.