Lachitatu, tsiku la ma steroid

Lero mutu wanga unali pa ma steroid basi, gulu la ma hormone a mthupi ndi mankhwala ofanana nawo. Mmawa mkalasi aphunzitsi anatijambulitsa chigoba chake, mphete zinayi zolumikizana ngati zisa za njuchi, zitatu za makona 6, imodzi ya makona 5, ma carbon onse pamodzi 17. Chandidabwitsa nchoti gwero lake ndi cholesterol, mafuta a mmagazi omwe timawanyoza aja. Iye ali ndi ma carbon 27, thupi limadula mchira wake nkutsala 21, apo ndi pomwe pali progesterone, hormone yothandiza kusunga mimba, ndi cortisol, hormone yothandiza thupi likapanikizika. Kudulanso afika 19, testosterone wa abambo. Kenako enzyme ya aromatase ikachotsa carbon imodzi yokha yatsala 18, wasanduka estradiol wa azimayi. Imodzi yokha abale!

Ndipo poti ndi amafuta saima pakhomo, amalowa mu cell mwenimweni nkukayatsa kapena kuzimitsa ma gene. Anatiuzanso za wasayansi wa ku America Russell Marker yemwe mzaka za mma 1940 ankapanga progesterone kuchokera ku chilazi chakutchire cha ku Mexico, ndipo jakisoni wa Depo wa miyezi 3 uja ndi wa banja lomweli.

Masana ndinadutsa pamsika kukagula tomato, pafupi pomwepo pali tebulo la mafuta oyeretsa khungu, timachubu tambirimbiri tili padzuwa. Ndatenga kamodzi kuwerenga kumbuyo, tizilembo tating'ono, clobetasol. Mtima unangoti phwii. Ameneyu ndi mnzake wa cortisol koma wamphamvu kwambiri, wopereka adokotala pa matenda akhungu kwa masabata ochepa, osati wodzola kumaso daily. Mayi ogulitsawo akuti mwanawe amenewa ndi odzola chabe, atsikana akuwakonda. Sindinawakalipire, iwonso anangopikula osadziwa.

Koma zikundiwawa chifukwa ukadzola nthawi yaitali khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu, mizere yosachoka, ndipo mankhwalawo amalowa mmagazi mpaka ma adrenal gland a pamwamba pa impso aja amachepetsa kupanga cortisol wawo poti akuona ngati alipo kale wokwanira, ena shuga ndi BP zimakwera osadziwa chayambitsa.

Madzulo ndamuimbira msuweni wanga amene wakhala akudzola kanthawi ndithu. Poyamba anakwiya, akuti iwe sukulu yakulowa mmutu. Ndamuuza asangosiya lero lomwe chifukwa khungu litha kuyabwa nkutupa, koma akaonane ndi achipatala amuuze kasiyidwe kake pang'onopang'ono. Wavomera kupita Lachisanu, ndimuperekeza ndikatuluka mkalasi.