Mankhusu a mpunga ndi fakitale ya magetsi yomwe sinamangidwe

Kuno ku Nkhotakota, kuseri kwa chigayo chilichonse chopuntha mpunga kumakhala mulu wa mankhusu. Mukapuntha matumba asanu a mpunga, kulemera kwa pafupifupi thumba limodzi kumakhala mankhusu okhaokha. Eni zigayo ankangowatentha, utsi n'kumafuka sabata yathunthu. Ine ndi bambo a kunyumba tinayamba kuwatuta n'kumagulitsa kwa oweta nkhuku, omwe amayala m'khola, ndi kwa owotcha njerwa. Phindu linali lochepa koma ana ankapita kusukulu.

Zinthu zinasintha mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka usiku, zigayo n'kungokhala duu. M'nyengo imeneyo ndi pomwe kunabwera anthu a kampani ina ndi pulani yomanga fakitale yopanga magetsi kuchokera ku zotsalira za mbewu: mankhusu, zitsononkho, makoko a mtedza ndi utuchi. Mumatentha zinthuzo m'boyila, madzi amawira, nthunzi imazunguza makina, magetsi n'kutuluka. Sizinali zachilendo kwa ife, chifukwa ku Dwangwa kuno komanso ku Nchalo a Illovo amatentha zotsalira za nzimbe poyendetsa mafakitale awo a shuga. Ndinakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti nzeruyo ndi yabwino.

Kwa ife ankafuna kalata yolonjeza kuti tizidzawaperekera mankhusu fakitale ikayamba. Tinasaina. Tinatenga ngongole, tinagula lole yogwiritsidwapo kale ntchito, tinamanga shedi yamalata, ndipo tinayenda m'zigayo za m'mbali mwa msewu wa M5 kukambirana ndi eni ake kuti asiye kutentha.

Kenaka tinamva kuti pulojekiti yagulitsidwa. Ndinadabwa, chifukwa pamalopo panalibe ngakhale njerwa imodzi. Wagulitsa chiyani munthu yemwe sanamange kanthu? Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti pali makampani omwe ntchito yawo ndi yomweyo. Amapeza malo, amachititsa kafukufuku wa zachilengedwe, amayendetsa mapepala a ziphaso, amasonkhanitsa makalata a anthu odzapereka zinthu zokatentha m'boyila, kenaka mtolo wonsewo amaugulitsa kwa omwe ali ndi ndalama zomangira. Ndiye kuti kalata yathu ija, yokhala ndi siginecha yanga, inali m'gulu la katundu wogulitsidwayo. Iwo analandira zawo. Ife tinatsala ndi lonjezo lomwe linkatimanga ifeyo koma losamanga wina aliyense kuti atigule.

Eni atsopano anatumiza mainjiniya awo, ndipo mafunso awo anali olasa. Mmodzi anakwera palole yathu itadzaza mpaka pamwamba, anapisa mkono m'mankhusu mpaka m'chigongono, n'kupempha kuti tikaipime pasikelo. "Mayi, lole yadzaza koma ilibe katundu," anatero. Ankanena zoona. Mankhusu ndi opepuka, mumawotcha dizilo wambiri kunyamula mphepo. Anafunsanso za miyezi. Mpunga timakolola cha m'Meyi ndi Juni, zigayo zimatanganidwa miyezi ingapo, koma boyila imafuna chakudya tsiku lililonse chaka chonse, ngakhale mu Febuluwale mvula ili pakati ndipo chilichonse chili ndi chinyezi. Pamwamba pa izo mankhusu a mpunga amasiya phulusa lambiri lokhala ngati mchenga, lomwe limadya zitsulo. Ku Dwangwa zimatheka chifukwa nzimbe zimabwera zokha pageti kudzapanga shuga, zotsalira zake zili pomwepo. Zathuzi zinali zomwazikana m'zigayo zing'onozing'ono mtunda wautali.

Ndalama nazo zinavuta. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina onse ndi ogula kunja ndi madola, ndipo madolawo ankasowa, dizilo nayenso tinkagonera pamzere. Kalata yotiuza kuti pulojekiti yathetsedwa inali ya mizere yochepa kwambiri. Chomwe chinandipweteka koposa chinali kubwerera kwa eni zigayo aja, omwe anasiya kutentha chifukwa cha mawu anga, kukawauza kuti wogula wamkulu uja kulibe.

Shedi inali yodzaza, ngongole ikudikira. Tinayamba kupanga mabriketi, omwe ndi makala ochita kuumba. Timatentha mankhusu m'mgolo wotseka mpaka ade bii osapsa n'kukhala phulusa, timawasinja, timasakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa kondowole kuti agwirane, kenaka timapanikiza pamakina apamanja n'kuyanika padzuwa. Ufa wa chinangwa kuno susowa. Phala likachepa briketi imanyenyeka m'thumba, likachuluka imachita utsi, ndiye amayi omwe timagwira nawo ntchito amayesa pofinya m'manja, ikatuluka osamata zala ndiye yakwana.

Ogula athu ndi achiwaya, oweta nkhuku ofuna kufunditsa anapiye, ndi sukulu zogonera konko. Poyamba ankadandaula kuti mabriketi amachedwa kuyaka poyerekeza ndi makala a mitengo yachilengedwe. N'zoona, koma akayaka amakhalitsa, ndipo malamulo a zankhalango atakhwima mu 2020 ambiri anayamba kuopa kugwidwa ndi thumba la makala opanda chiphaso. Lole ija tsopano imanyamula mabriketi, katundu wolemera woyenera dizilo wake, ndipo pobwerera imatenga mpunga wa alimi.

Vuto lomwe tili nalo pano ndi kuyanika nthawi yadzinja, pomwe anthu amafuna mabriketi kwambiri chifukwa nkhuni zanyowa. Tikumanga choumitsira cha pulasitiki yoonekera mkati, ndipo tikuyesa kusakaniza makoko a mtedza ochokera ku Kasungu kuti phulusa lichepe. Ngongole ya lole tikuyembekeza kuimaliza ikatha nyengo ya mpunga ikubwerayi.