Talowa m'nyumba ku Machinjiri: zikomo nonse, ngakhale inu amene munatikaniza

Loweruka lapitali tinagona koyamba m'nyumba yathu ku Machinjiri. Penti akununkhabe, kuchipinda kwa ana kulibe siling'i, ndipo usiku tikuunikira nyali ya sola, koma kiyi ali pakhosi panga. M'fayilo yabuluu imene ndakhala ndikuyenda nayo ngati mwana wakhanda muli pulani yodindidwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, malisiti onse, ndi chikalata chonena kuti nyumbayi anthu angathe kukhalamo. Ndati ndilembe pano chifukwa anthu oti ndiwathokoze ndi ambiri, ndipo ena sindidziwa n'komwe kumene amakhala.

Ambiri mukudziwa kumene tachokera. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosakata, napolo anatsika m'phiri la Soche n'kulowa m'Chilobwe. Ife tinatuluka ndi zovala zimene tinagona nazo. Bambo a kunyumba anabereka mwana wamng'ono, ine ndinagwira awiri enawo padzanja, tikuthawa mumdima osadziwa kuti phokoso likuchokera mbali iti. Kutacha, pamene panali nyumba yathu panali miyala ikuluikulu ndi matope ofika m'chiuno. Anansi athu ena sanatuluke. Sinditchula maina awo pano, eni maliro akuwadziwa, ndipo tsiku lililonse ndikamatsegula chitseko chatsopanochi ndimawakumbukira.

Ndiyambe ndi inu anyamata a m'Chilobwe amene munakumba matope ndi makasu, mafosholo ndi manja enieni mvula ikadagwa. Aphunzitsi amene munatitsegulira makalasi kuti tigonemo, amayi a Mvano amene munabwera ndi ndowa za phala ndi zitenje, asilikali ndi a Red Cross amene munkanyamula ovulala, zikomo. Panali mayi wina amene anandivulira juzi yake pakhomo la kalasi osandifunsa ngakhale dzina. Juziyo ilipo, ndinaichapa n'kuisunga. Ngati muwerenge izi mudziwe kuti inagwira ntchito.

Apongozi anga a ku Bangwe, inu ndiye ndilibe nanu mawu. Anthu asanu m'chipinda chimodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo simunatiwerengere ufa ngakhale tsiku limodzi. Ndikudziwa kuti ana anga anakuswerani mbale zambiri kuposa zimene munandiuza.

Tsopano ndifike pa anthu amene mutu wa kalatayi ukunena, ndipo kuti zimveke ndiyenera kuulula manyazi anga. Nyumba ya ku Chilobwe tinaimanga popanda pulani iliyonse. Malowo tinagula kwa bambo wina amene anati watumidwa ndi amfumu, umboni wake unali pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa pamanja, ndi zidindo za zala. Njerwa zinali zootcha koma zomangira dothi, maziko ake ofika m'bondo. Achimwene anga atabwera kudzaona anandifunsa ngati kukhonsolo akudziwa kuti tikumanga pamtsetse wotere. Ndinawayankha kuti mapepala sadyedwa. Mawu amenewo ndinawanena ndikuseka, ndipo achimwenewo sanandikumbutsepo, ngakhale tsiku limene anatipeza kusukulu kuja tili matope okhaokha.

Titayamba kufunafuna malo ena, dobadoba wina anationetsa puloti yotsika mtengo, yosalala bwino, m'mbali mwa kamtsinje. Mtima wanga unagwa pomwepo. Tinapereka kachikole. Mlamu wanga, amene amagwira ntchito ya uplamba ndipo amadziwa zomangamanga, anakana kwamtuwagalu kuti tilipire zotsalazo tisanapite kukafunsa ku Civic Centre, maofesi a khonsolo, ku Chichiri. Ndinapita monyinyirika. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti malo a mu Blantyre ali ndi eni ake osiyanasiyana: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, ena a anthu kapena makampani okhala ndi zikalata zawo. Ndiye funso loyamba si loti "ndi zingati", koma loti mwini wake weniweni ndani ndipo kaundula wake ali kuti.

Bambo amene tinawapeza mu ofesi ya mapulani anatambasula mapu patebulo, n'kufunsa mlamu wanga kuti aloze pamene pali puloti ija. Ataona anapukusa mutu. Anati pamenepo ndi pa njira ya madzi, malo osiyidwira mtsinje, ndipo pulani ya nyumba ya pamenepo singadutse. Ndinawadandaulira kuti ndife a ku Chilobwe, tilibe pokhala, atimvere chisoni. Anandiyang'ana n'kunena modekha kuti chifukwa chake n'chomwecho. Ndinatuluka ndikulira ndi ukali, ndipo m'minibasi yonse ndinkauza mlamu wanga kuti anthu a m'maofesi alibe mtima. Chikole chija chinapita ndi dobadoba, foni yake inasiya kugwira sabata yomweyo.

Mvula ya chaka chotsatira ndinadutsa dala pa puloti ija. Munthu wina anali atayalapo maziko. Madzi anali atadya ngodya imodzi yonse, miyala ili lende. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Bambo inu a mapu, dzina lanu sindinalisunge chifukwa tsiku lija sindinkafuna kulidziwa. Ndinakunenani zoipa kwa anthu ambiri. Pepani, ndipo zikomo.

Puloti yachiwiri, ino tilipoyi, inali ndi mapepala ake, ndipo mtengo wake unalinso wa mapepala. Tinatsata zosintha umwini mpaka dzina lathu litalowa m'kaundula. Saveya atabwera kudzafufuza mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, anapeza kuti mpanda wa a neba unalowa kwathu ndi phazi limodzi kapena awiri. Ndinkaopa kuti a neba ayamba milandu. Iwo anangoyang'ana bikoniyo, n'kuitana mnyamata wawo, mawa lake mpanda unali utasunthidwa. A neba, anthu ngati inu ndi osowa, ndipo madzi onse oumbira mabuloko oyamba anachokera pampopi wanu.

Za pulani ndinene motalikirapo, popeza ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox. Sitinapite kwa mnyamata wojambula pansi pa mtengo, tinapita kwa wojambula mapulani wovomerezeka. Iye anajambula nyumbayo, komanso pepala lina losonyeza pamene nyumbayo ikhale pa puloti, mtunda wochokera kumalire ndi kumsewu, pamene pakhale thanki ya chimbudzi ndi dzenje lomwera madzi oipa, ndi kumene madzi a padenga azilowera. Tinapereka mapepalawo kukhonsolo, tinalipira ndalama younikira pulani, tinalandira lisiti. Pulani siivomerezedwa ndi munthu mmodzi, imadutsa m'manja mwa a mapulani, a zaumoyo ndi mainjiniya, kenako komiti imakhala pansi. Yathu inabwerera koyamba ili ndi zolemba zofiira. Ine ndi amene ndinakakamiza wojambula kuti asunthire thanki ya chimbudzi kumpanda kuti nditsale ndi malo a dimba, ndipo n'zimene anakana. Tinakonza, tinabwezanso, tinadikira komiti ina. Mayi wa pa kauntala amene munkandifotokozera m'Chichewa zimene zinalembedwa m'Chingerezi chovuta chija, mzere wonse uli kumbuyo kwanga, Mulungu akusungeni.

Mayi omwewa ndi amene anandiuza kuti zinthu zinasintha kuchokera pa nthawi imene makolo athu ankamanga. Lamulo lakale la mapulani a matauni la 1988 linalowedwa m'malo ndi lina la 2016, limene linabwera pamodzi ndi malamulo atsopano a malo, ndipo malamulowo anakonzedwanso mu 2022. Ine wogulitsa kaunjika ku Limbe sindinganame kuti ndinawawerenga. Chimene ndinagwira n'choti chilolezo chimatengedwa usanakumbe, osati nyumba itafika pa lintala.

Kunja kwa mpanda kunali munthu wina, wosagwira ntchito pamalopo, amene anatitsata kawiri n'kumati akhoza kufulumizitsa fayilo tikamupatsa ya fanta. Bambo a kunyumba anatsala pang'ono kugonja, popeza lendi inali itatikwana. Ndinawakumbutsa za dobadoba uja. Ndalama iliyonse imene tinatulutsa pa nkhani ya pulani ili ndi lisiti lake m'fayilo yabuluu.

Ndalama zomangira ndiye inali nkhondo ina. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zimene tinawerengera kuti zigula simenti ya nyumba yonse zinangokwana maziko ndi theka la khoma. Amayi anzanga a banki mkhonde munandilola kubwereka kawiri motsatizana, ndipo mwezi umene ndinachedwa kubweza simunandiimbire nyimbo pakhomo. Mchimwene wanga wamng'ono ali ku Johannesburg, amene amagwira ntchito ya m'munda mwa anthu, malata onse ali padengawa ndi thukuta lake. Iwe mwana wa mayi anga, ndikudziwa kuti miyezi ina unkagona ndi tiyi kuti utumize. Chipinda chakumapeto ndi chako ukadzabwera pa Khrisimasi.

Amisiri athu, a fomani ndi anyamata anu, tinakanganapo kangapo koma ntchito mwaigwira. Ndinu amene munatilangiza za mabuloko a simenti. Munatiuza kuti kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ngakhale kanyumba kathu sikali m'gulu limenelo, munati tiganizire kumene nkhuni zootchera njerwa zimachokera. Ndinakumbukira mmene phiri la Soche linalili lometedwa pamwamba pa nyumba zathu, mitengo itatha ndi nkhwangwa zathu zomwe, ndipo sindinatsutse.

Woyendera zomangamanga atabwera kudzaona ngalande za maziko tisanathire konkire, anatsika yekha m'dzenje ndi nsapato zake zabwinozo, n'kubaya pansi ndi chitsulo. Ngodya ya kum'mawa anati ndi dothi lochita kuthira, tikumbe mpaka tipeze lolimba. Zinatidyera masabata awiri ndi matumba a simenti amene tinalibe. Bambo a kunyumba usiku umenewo anati tingothira konkire kusanache, ndani akaone pansi pa nthaka. Mwana wathu wamkulu, amene kuyambira tsiku la napolo sagona mvula ikamagwa, anamva zimenezo n'kufunsa kuti, "Adadi, ndiye iyinso idzapita?" Mawa lake bambo ake anatenga piki okha. Bwana woyendera, munabweranso pa silabu, padenga ndi pomaliza, ndipo ulendo womalizawo munamwa madzi okha.

Ndikudziwa kuti alipo anzathu amene anabwerera kumtsetse kuja, ndipo sindingawaloze chala. Puloti ya mapepala mu Blantyre si ya munthu wogulitsa tomato yekha, ife tafika pano chifukwa anthu ambiri anatisenzera. Ngati alipo a khonsolo kapena a unduna amene awerenge izi, pempho langa ndi la malo okonzedwa bwino, a mtengo woti munthu wa ganyu angaufikire, komanso kuti ndondomeko ya pulani izilembedwa m'Chichewa pakhoma kuti munthu adziwe zoyenera kubweretsa asanakwere minibasi kawiri. Amene mukufuna kuona mmene mapepalawa amaonekera, fayilo yanga ndi yotsegula, bwerani mudzaone, koma siituluka pakhomo.

Abusa ndi akulu a mpingo avomera kudzapempherera nyumbayi Lamulungu likudzali 2 koloko masana. Nonse amene ndakutchulani ndi amene ndakuiwalani, bwerani. Njira ndikuuzani ku inbox, a kabaza a pa siteji akuidziwa kale nyumba ya chitseko chobiriwira. Mipando ndi yochepa, amene muli pafupi nyamulani yanu, amayi tengani mikeka. Kukhala thobwa ndi mpunga wa nyemba. Apongozi tikawatenga Loweruka kuti adzagone kuno. Ndipo a neba, wilibala yanu ija sinasowe, ili kuseri kwa khitchini, tayala lake tinamatitsa kale.