Malasha ali mbwee kuno ku Joni koma magetsi ankazimabe

Dzulo tinakangana pa foni ndi achimwene anga a ku Lunzu, iwo akuti vuto la kwathu ndi kudalira Shire yekha, tikanakhala ndi siteshoni ya malasha bwenzi nkhani ya mabulakauti itatha kalekale. Ndinaseka kaye, osati mwachipongwe ayi, koma poti ine ndili kuno kumene malashawo ali ngati mchenga.

Ndikati malasha sindikunena makala a m'thumba ophikira pa mbaula aja, ndikunena amiyala okumba pansi. Mukachoka mu Johannesburg kulowera ku Mpumalanga pa N12, musanafike n'komwe ku eMalahleni (dzinalo likutanthauza kumalo a malasha, kale ankati Witbank) mumayamba kuona zimachumuni kutali, mathiraki a malasha ndondondo pamsewu, fumbi lakuda mpaka pa kolala ya shati. Chaka changa choyamba ndinkaona ngati choyera chotuluka pa zinsanja zonenepa zija ndi utsi, mnzanga wina wowotcherera zitsulo ndiye anandiuza kuti aPhiri, imeneyo ndi nthunzi chabe, madzi akuzizira, utsi weniweni umatulukira pa chumuni chowonda chachitalicho. Cha pa siteshoni ya Duvha ndi mamita 300 kutalika kwake.

Kagwiridwe kake sikovuta kumva. Malasha amawagaya mpaka kukhala ngati ufa woyera kusalala kwake, n'kuwauzira mu boyila momwe amayaka nthawi yomweyo, madzi a m'mapaipi amasanduka nthunzi yamphamvu, nthunziyo ipota tebaini, tebaini ipota jenereta, basi magetsi. Pafupifupi 80 peresenti ya magetsi a dziko lino amachokera m'menemu. Siteshoni ya Medupi ya ku Lephalale ili ndi mayuniti 6, iliyonse pafupifupi ma megawati 800, ndiye kuti yuniti imodzi yokha ikuposa Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuziphatikiza pamodzi. Achimwene atamva zimenezi anati mwaonatu, si zomwe ndikunenazi.

Koma dikirani kaye achimwene. Medupi anayamba kumanga 2007, yuniti yomaliza inadzalowa pa ntchito 2021, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho jenereta ya yuniti 4 inaphulika. Ku siteshoni ya Kusile nako mu Okutobala 2022 chipaipi chopititsa utsi ku chumuni chinagwa, mayuniti atatu zii kwa miyezi yambirimbiri. Masiteshoni akale a m'ma 1970 ndi 1980 ankangofa mosinthana, lero chubu cha boyila chabooka mawa lamba wonyamula malasha waduka, mvula ikagwa kwambiri malasha anyowa akumata ngati phala. Ndiye 2023 inali chaka cha load shedding pafupifupi tsiku ndi tsiku, siteji iliyonse ndi ma megawati 1,000 ochotsedwa, tinazolowera siteji 6 mpaka tinkapanga pulani yophika poyang'ana ndandanda pa foni. Malasha anali pomwepo pansi pa nthaka, sanathe ayi. Zinadzayamba kusintha kumapeto kwa Malichi 2024 Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, italimbikira kukonza makina, osati poti anapeza mgodi wina.

Za mpweya ndisanene zambiri, amene anakhalako ku eMalahleni nthawi yozizira akudziwa fungo lija lokhala ngati machesi ongoyatsa kumene, ndi ana kutsokomola.

Sindikuti achimwene akunama pa zonse. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya ma megawati 130 kamodzin'kamodzi, mazira onse anali mu dengu limodzi lotchedwa Shire, zimenezo n'zoona. Ndipo pulani ya siteshoni ya malasha ya Kam'mwamba ku Neno ya ma megawati 300 tinaimva kalekale, malasha ake amati azichokera ku Moatize, mpaka lero sinamangidwe pomwe sitima za malasha omwewo zimadutsa m'dziko mwathu kupita ku Nacala ife n'kumangowerenga mabogi.

Ndinawafunsa kuti nanga itamangidwa, chubu chikabooka usiku sipeya ake tizikawatenga kuti, ndi madola ati. Anangoti iwe wayamba kuyankhula ngati wa ku Joni, kenako foni inaduka, batire yawo inali pa 2 peresenti.