Magasiketi athu ankauma gwa, mpaka tinasintha mafuta ofewetsera

Ntchito ya labala ndinaiphunzira ku Joni, mufakitale ina ku Johannesburg komwe ndinkakhalira kuima pa makina osakanizira tsiku lonse. Nditabwerera kumudzi ine ndi alamu anga tinasonkherana n'kugula makina akale komanso puresi, tinayamba kuumba magasiketi ndi ma O-ring (timphete ta labala totseka kudontha) a injini za dizilo za zigayo, pena timalabala ta mijigo ya Afridev.

Timagwiritsa ntchito labala wa nitrile, ena amati NBR, chifukwa ndi amene amapirira oilo ndi dizilo. Koma labala ameneyu ukathiramo carbon black, ufa wakuda wopatsa labala mphamvu, amalimba zedi, makina amachita kulira, ndiye pamafunika mafuta ofewetsera. Ife tinkathira mafuta otchedwa DOP poti ngotchipa.

Tsiku lina a chigayo ena anatibwezera gasiketi atayikulunga mu nyuzi, amvekere "achimwene taonani katundu wanu uja". Inali itanyala, youma gwa, nditaipinda inangoti thyo. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ikuchoka pa puresi inali bwinobwino pa 70 Shore A, muyeso wa kulimba kwa labala. Nkhani yake ndi yoti DOP amangokhala m'kati mwa labala osagwirana naye, ndiye injini ikatentha amatuluka pang'onopang'ono, dizilo nayenso amamutsuka, labala n'kutsala wouma.

Apa m'pamene ndinakumbukira liquid NBR yemwe ankabwera m'madiramu ku Joni kuja. Ndi labala yemweyo koma wamadzi, wonanda ngati uchi, kuti atsike mu chidebe umachita kumuwotha kaye. Posakaniza amafewetsa ngati mafuta ena onse, koma ukaphika pa madigiri 160 salufa, mankhwala omanga labala pophika, amamumangirira limodzi ndi labala mnzakeyo moti dizilo samuchotsa wamba. Tinaviika tizidutswa tiwiri mu botolo la dizilo, ka DOP titakaumitsa kanachepa n'kulimba, koma ka liquid NBR kanatsala kofewa momwemo.

Ndiwodula liquid NBR ameneyu, osanama, ndipo amachita kuchokera kunja. Komanso ukachulutsa labala amachepa mphamvu, ukamufinya sabwerera msanga, ndiye ife timathira magawo 10 pa magawo 100 a labala n'kuwonjezerako salufa pang'ono poti nayenso amadya wake. Pozizira kwambiri DOP amamuposa, koma pa injini ya chigayo kuzizira kuchokera kuti.

A chigayo aja tinawapatsa gasiketi ina ulele, ndipo pano akabwera amabwera ndi anzawo odzaoda.