Jakisoni kapena mpeni: sabata ino kuchipatala cha khungu

Nyengo ya maukwati ikafika, kuchipatala chathu kuno ku Lilongwe kumabwera anthu amene sakudwala zipere kapena mphere. Amatulutsa foni, n'kundionetsa chithunzi chawo chakale, amvekere, "Anesi, nkhope iyi ingabwererenso?" Ine ndine namwino. Ndimawafunsa za thanzi lawo ndi kuwafotokozera njira zomwe zilipo, adokotala asanawaone.

Lolemba kunabwera mayi wina wa ku Area 47 amene mwana wawo akukwatiwa mwezi uno. Anamva kuti ku Johannesburg amakoka nkhope ndi opaleshoni. Ndinawapempha kuti akwinye nkhope, amwetulire, kenako angokhala phee. Makwinya awo anali apamphumi ndi pakati pa nsidze, aja amatuluka minofu ikamakoka. Otere safuna mpeni. Jakisoni wa Botox, yemwe ku America anamuvomereza pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002, amafooketsa timinofu timeneto. Kusintha kumaoneka pakapita masiku angapo, koma ikatha miyezi 3 kapena 4 makwinya amabwerera. Izi ndimazinena tisanafike pa mtengo, chifukwa ambiri amayesa akulipira kamodzi basi.

Lachiwiri inali nkhani ya masaya ophwa. Pamenepo Botox sathandiza. Pamafunika filler wa hyaluronic acid, amene amadzaza pomwe paphwapo ndipo amakhala miyezi 6 mpaka 18. Ubwino wake, akalakwika amasungunulidwa ndi mankhwala otchedwa hyaluronidase. Komabe ameneyu ndimamuopa kuposa Botox: akalowa mumtsempha wa magazi khungu limatha kufa, ena mpaka kuchita khungu m'maso. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva kuti wina wabayidwa kuseri kwa saluni. Funsani ngati wokubayaniyo analembetsa ku Medical Council of Malawi. Funsaninso komwe amasunga Botox wakeyo, poti amafuna filiji ya madigiri 2 mpaka 8, ndipo magetsi athu mukuwadziwa.

Lachitatu kunabwera munthu amene opaleshoni ikanamuthandizadi: mayi wazaka za m'ma 60, khungu la m'chibwano ndi m'khosi litalendewera. Jakisoni sangakweze khungu lotere, ngakhale mutabaya kangati. Opaleshoni imachotsa khungu lotsala, kumangitsa zam'kati, ndipo zotsatira zake zimatha kukhala zaka pafupifupi 10, ngakhale munthu amakhala wotupa masabata awiri kapena atatu. Koma nditayang'ana khutu lawo ndinaona chipsera chotupa pamene anabowola ndolo, chija timati keloid. Anthu akhungu lakuda timachita zipsera zotere kawirikawiri, ndipo mpeni wokoka nkhope umadutsa kutsogolo ndi kuseri kwa khutu komweko. BP yawonso inali yokwera, zomwe zimachititsa magazi kuundana pansi pa khungu akatha kusoka.

"Amayi, tiyambe taithira madzi BP-yi," anatero adokotala. "Za ulendo wokachita opaleshoni kunja musafulumire, khutu lanuli latichenjeza."

Amene sakundichoka m'maganizo ndi mtsikana wa Lachinayi, wa ku Kawale. Sanakwane n'komwe zaka 35, koma anabwera kudzafunsa za laser, makina ochizira khungu ndi kuwala kwamphamvu, kuti aoneke wamng'ono. Masaya anali bii ngati anapaka mwaye, khungu lopyapyala, timitsempha tikuonekera. Zaka zambiri wakhala akudzola mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika, osakaniza okha m'kabotolo kopanda dzina. Hydroquinone, amene amapezeka m'mafuta otere, ukamudzola nthawi yaitali amadetsa khungu mwa mtundu wovuta kuchotsa, ndipo clobetasol, mankhwala a mtundu wa steroid amene amapezekanso momwemo, amalipepuza. Nkhope yake sinakalambe ndi zaka ayi. Laser kapena mankhwala osenda khungu pakhungu lakuda lovulala chonchi akanangowonjezera kuda. Tinagwirizana zosiya mafutawo pang'onopang'ono, chifukwa kusiya steroid mwadzidzidzi nkhope imayabwa ndi kutuluka ziphuphu, munthu n'kubwereranso kukabotolo. Tinamuuzanso kuti azidzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa, sunscreen wa SPF 30, tsiku lililonse.

"Achemwali, zitenga miyezi," ndinamuuza. Analira, ine n'kukhala naye mpaka atatonthola.

Lachisanu ndinaimbira mayi a ku Area 47 aja, amene anabayitsa Botox, kumva ngati chikope sichinagwe, poti nthawi zina Botox amatero. Anati zili bwino, pamphumi payamba kusalala. Ndinawalembera tsiku lobweranso pakatha masabata awiri kuti adokotala adzaone ngati mbali zonse zafanana.