Sabata ya mafayilo osowa mu Outlook

Madandaulo ambiri amene afika ku ofesi ya IT sabata ino ndi a mtundu umodzi: munthu watsegula fayilo yobwera pa imelo, waikonza, wadina Save, koma zimene wakonzazo sizikuonekanso.

Lolemba anali a ku akaunti. Bajeti ya mu Excel anaikonza m'mawa wonse, masana potsegulanso imeloyo n'kupeza manambala akale omwe aja. Outlook yakale ya pa kompyuta (imene amaitcha classic), pulogalamu ya maimelo, sitsegula fayilo yeniyeni ya mu imelo. Imaikopera kaye m'foda yobisika, ndipo kope limenelo ndi limene mumaliona. Kuyambira Outlook 2010 kopelo limatseguka lili Read-Only (longowerenga), choncho mukadina Save mumafunsidwa dzina ndi posungira. Munthu wapachangu amangomenya Enter osayang'ana, fayilo n'kugwera m'foda yobisika ija. Kuti muipeze fodayo pa Windows 10 ndi 11, dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Windows\INetCache\Content.Outlook. M'katimo muli foda ina ya dzina losamveka, la zilembo ndi manambala 8. Sanjani mafayilo potsata tsiku, watsopano akhale pamwamba. Bajeti ija inapezeka mmenemo, koma sikuti zimatero nthawi zonse, poti Outlook imafufuta makope ake imelo ikatsekedwa bwinobwino. Njira yosavutitsa ndi kudina kumanja pa fayiloyo musanaitsegule, kusankha Save As, kuiika m'foda yanu, kenako kuitsegulira kumeneko.

Lachiwiri abwana ena anafuna kuti zokonzazo zikhale mu imelo momwemo. N'zotheka. Tsegulani imeloyo pawindo lakelake, pitani pa Actions, sankhani Edit Message, ndiye tsegulani fayilo, konzani, sungani, tsekani, musungenso imeloyo. Mukalumpha gawo lomalizali zonse zapita. Ife sitiilimbikitsa njira imeneyi, chifukwa imafafaniza chimene mnzanu anatumiza. Tsiku limene a odita adzafunse koteshoni yoyambirira, mudzawaonetsa yokonzedwa ndi inu nomwe.

Lachitatu vuto linali la sikana imene fayilo iliyonse imaitcha scan.pdf. Makope otsalira m'foda ija Outlook imawapatsa manambala, (1), (2), mpaka (99). Akakwana pamenepo imakana kutsegula ina ya dzina lomwelo, n'kulemba kuti Cannot create file. Mankhwala ake ndi kutseka Outlook ndi kusesa fodayo, koma yambani mwaona ngati mulibe ntchito ya munthu.

Lachinayi ndi lomwe linatidyera nthawi. Mndandanda wa anthu olandira ndalama pa foni unabwera ngati fayilo ya CSV, mtundu wa fayilo ya mindandanda imene imatseguka mu Excel. Wokonza anaitsegula podina kawiri, anakonza mayina awiri, n'kusunga. Excel imaona nambala ya foni ngati nambala yowerengetsera, ndiye imachotsa ziro woyamba: 099 ya Airtel imasanduka 99, 088 ya TNM imasanduka 88. Nambala yoposa madijiti 15 imaonongeka kotheratu, poti madijiti otsatirawo amasanduka maziro, ndipo mukasunga sabwereranso. Mwayi unali woti fayilo yoyamba inali idakali mu imelo yosakhudzidwa. CSV yotere musaitsegule podina kawiri. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, From Text/CSV, Transform Data, danga la manambala a foni mulisinthe likhale Text, ndipo mukafunsidwa musankhe Replace current kuti maziro asatayike.

Lachisanu zinali zing'onozing'ono. Wina anadina Reply n'kuganiza kuti fayilo yapita nawo, pamene Reply siinyamula. Imanyamula ndi Forward, ndipo imanyamula yakale, osati imene mwakonza. Wina lipoti lake la 22 MB linabwezedwa ngakhale malire a imelo anali 25 MB, chifukwa fayilo ikamangidwa mu imelo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tinachepetsa zithunzi ndi Compress Pictures, linadutsa. Madzulo kunatsala kontrakiti imodzi imene anthu atatu anaikonza aliyense payekha. Tinaziphatikiza mu Word pa Review, Compare, Combine, ziwiriziwiri, ndipo fayilo yomaliza tinaiika pa foda ya onse ndi dzina loyamba ndi deti.